Mzere Wopanda Mwini

— Halo?

— Halo, a Swaleh? Ndine Tusekele, wa ku kiliniki ya amayi oyembekezera, ku Biwi kuno.

— Aa, chemwali Tusekele. Ndiye ndinu mwakhala mukundifulasha m'mawa wonsewu? Nambala iyi sindikuidziwa.

— Ndi ya mlamu wanga. Yanga inagwera m'ndowa Lamlungu. Mwadzuka bwanji?

— Tadzuka bwino, kaya inu?

— Tadzuka. Mayi a kunyumba ali bwanji? Ana?

— Onse ali bwino, tithokoze Mulungu. Wamng'onoyo ndiye chifuwa, koma akusewera. Kwanu ku Karonga mukumvako?

— Tikumvako. Amayi ndi miyendo ija basi. Akuti mpunga wachita bwino chaka chino.

— Ndiye mutikumbukeko ife a mu tauni.

— Mpunga mudzadya mukadzabwera kudzakonza pulogalamu yathu. Munati Lachiwiri. Lachiwiri ladutsa kawiri.

— Mwayamba kale kundizenga mlandu. Chemwali, achimwene anapita ku Joni kukatenga katundu, m'shopu muno ku Malangalanga ndatsala ndekha. Ndikatseka, makasitomala amapita kwa oyandikana nawo. A Sister Mabel ali bwanji?

— Ali bwino. Atuluka, apita ku Chinsapo ndi sikelo ya lero.

— Chabwino. Kompyuta ikuyaka?

— Ikuyaka. Koma pulogalamu ya mabokosi ija, chiidyereni vairasi sinadzukenso. Ndikugwiritsabe ntchito sikirini yakuda ija munandiphunzitsa.

— Mukulemba lamulo lija, kenako tsiku, n'kutsekera ndi semikoloni?

— Ndinamata pepala lake pakhoma. Ndikulemba ngakhale osayang'ana tsopano.

— Ndiye mwasanduka katswiri. Ine mukundifuniranji?

— Pali kanthu kena. Mwina si kanthu ayi. Halo? Mukundimva?

— Ndikumva, lankhulani. Kunja kuno kukudutsa lole.

— Mayunitsi ndagula ochepa, ndiye ndifulumire. Mukudziwa kuti tsiku la sikelo ya kunja ndimatulutsa mayina a amayi onse a tsikulo, n'kukopera papepala ndi bolopeni, poti pulinta imakana kusindikiza za pa sikirini yakuda.

— Eya, n'kupereka kwa a Sister.

— Ndiye pansi penipeni pa mndandanda pamatsala mzere umodzi wopanda mwini.

— Wopanda mwini bwanji?

— Mayina atha, koma pansi pa dzina lomaliza pali kamzere kena kakuyandama pakokha. Palibe dzina, palibe nambala.

— Mwina ndi kaja kamanena kuti yapeza anthu angati.

— Ayi, kameneko ndimakadziwa. Aka kali pamwamba pake. Masiku onsewa kamalemba NULL, ndiye ndimangokasiya, poti munati NULL ndiye kuti mulibe kanthu.

— N'zoona. Ndiye lero?

— Lero kalemba SULFA.

— Sulfa.

— Eya.

— Tandikumbutsani, chemwali. Ine ndine wa mawaya. Danga limenelo ndinaika ndine, koma anachita kundiuza a Sister. Limatanthauza chiyani kwenikweni?

— Ndi danga la "osampatsa". Mankhwala amene thupi la mayiyo limadana nawo. Mayi aliyense woyembekezera timampatsa Fansida, mapilitsi atatu, woteteza malungo. Amameza pomwepo, a Sister akuyang'ana. Koma amene walembedwa SULFA sapatsidwa.

— Atapatsidwa?

— Poyamba sizioneka. Amapita kunyumba bwinobwino, n'kukaphika. Pakatha masiku angapo maso amafiira, m'kamwa mumatuluka zilonda, kenako khungu limayamba kusupuka ngati wapsa ndi madzi otentha. Ena amachira. Ena ayi.

— Papepala lomwe mwapatsa a Sister lero, mwalemba SULFA pa anthu angati?

— Palibe. Onse alibe vuto. SULFA ndi mmodzi yekhayo, ndipo alibe mwini. Ndimaganiza kuti mwina ndi zotsalira za munthu amene tinamufufuta kale.

— Kompyuta siisiya zotsalira. Muli pafupi nayo?

— Ndakhala pomwepa.

— Mndandanda udakali pa sikirini?

— Ulipo.

— Kwerani pamwamba penipeni. Mundiwerengere zonse mmene zilili, osadumpha kanthu.

— Pamwamba pali timizere ndi timitanda, zangoti balalabalala. Kenako mitu: nambala, dzina, zaka, miyezi, malo. Pansi pake palembedwa "osampatsa", pakokha. Timizerenso. Kenako dzina loyamba.

— Imani kaye. "Osampatsa" sali mzere umodzi ndi mitu inayo?

— Ayi, ali pansi pake.

— Pitirizani.

— Wani, Keziah, zaka twente thuu, miyezi isanu, Chinsapo 1, pafupi ndi mjigo wa kumsika. Mzere wotsatira, NULL. Kenako thuu, Lonely, zaka...

— NULL ameneyo mwamulemba kwa ndani?

— Kwa Lonely. Ali pamwamba pa dzina lake.

— Nanga Keziah?

— Pamwamba pa Keziah palibe kanthu, ndiye alibe vuto.

— N'chifukwa chiyani mukuwerenga cha pamwamba?

— Nanga si mmene zimakhalira? Pa buku la kusikelo chenjezo timalemba pamwamba pa dzina, ndi bolopeni yofiira, kuti diso liyambire pamenepo. Pulogalamu yanu ija inkaikanso pamwamba, m'bokosi lofiira. Ndinu nomwe munapanga choncho, a Sister atakuuzani. Halo? A Swaleh?

— Ndilipo.

— Ndiye mukuti bwanji?

— Ndikuganiza. Tsiku lomwe ndinakuphunzitsani, munthu aliyense ankakwana mzere umodzi. Ndikukumbuka bwino. Dzina kumanzere, "osampatsa" kumapeto kumanja.

— Eya, sabata yoyamba zinali choncho. Kenako zinangosintha zokha. Ndinkati mwina ndi mmene imachitira anthu akachuluka.

— Sizisintha zokha. Munayamba kulemba chiyani chatsopano?

— Palibe.

— Pa "malo" paja munkalemba chiyani kale?

— Biwi. Kawale 2. Chinsapo. Basi.

— Koma pano mwandiwerengera za mjigo wa kumsika.

— Oo, zimenezo. A Sister anadandaula kuti mayi akasiya kubwera kusikelo sitimupeza. Mukalemba "Chinsapo", mukamufuna kuti? Nyumba zilibe manambala. Ndiye anati ndizifunsa njira yonse mpaka pakhomo. Ena amafotokoza mpaka mtengo wa mapeyala.

— Munayamba liti?

— Masabata awiri apitawo. Ndalakwitsa?

— Tamverani, chemwali. Sikirini yakudayo ikamajambula tebulo, imayang'ana mawu aatali kuposa onse m'danga lililonse, n'kukuza danga lonselo kuti mawuwo akwane. Munthu mmodzi akakhala ndi njira yaitali, onse amapatsidwa malo aakulu chomwecho.

— Ndiye?

— Ndiye mzere umatalika kuposa sikirini. Ukafika kumapeto suduka, umapindikira pansi. Chomwe chinali kumapeto kumanja chimagwera mzere wotsatira.

— Kumapeto kumanja kunali "osampatsa".

— Eya.

— Ndiye kuti kamzere kali pakati pa Keziah ndi Lonely...

— Ndi mchira wa Keziah. Si mutu wa Lonely.

— Ayi, a Swaleh.

— Aliyense chake chili pansi pa dzina lake.

— Ayi, dikirani. Mwina simukuona bwino poti muli kutali. Ine ndikuona pano, kali pafupi kwambiri ndi dzina lapansi.

— Tisakangane, tiyeni tiifunse yokha. Dinani kamuvi koloza kumwamba, lamulo lija libwereranso.

— Labwera.

— Fufutani semikoloni wakumapetoyo. M'malo mwake muike kamzere kopendekera, kali pamwamba pa Enta. Osati kaja mumalembera deti, kinako, kogonera kumanzere.

— Ndakapeza.

— Kenako G. Dinani Enta.

— Zabwera chimodzimodzi. Tebulo lomwe lija.

— Mwalemba g wamng'ono. Wamng'ono amachita ngati semikoloni. Bwerezani, mugwire Shifiti.

— Dikirani. Eya, zasintha. Zathamanga zambirimbiri, pali nyenyezi nyenyezi.

— Tsopano tebulo palibe. Munthu aliyense ali payekha pakati pa nyenyezizo, zake zonse zandandalikidwa chotsika, chilichonse ndi mutu wake. Palibe chopindika. Amene ali pa sikirini panopa ndi womaliza. Werengani.

— Sate wani.

— Pitirizani.

— Dzina, Mwanamisi. Zaka, naintini. Miyezi, isanu.

— Chemwali, pitirizani.

— Osampatsa, SULFA.

— Papepala mwamulemba chiyani?

— Ndamupatsa NULL wa munthu wa sate. Ndalemba kamzere, kusonyeza kuti alibe vuto.

— Mukumudziwa?

— Ndinamulembetsa ndine Lachiwiri. Kamtsikana kochepa thupi, mimba yoyamba, kangobwera kumene kuchokera ku Mangochi kutsatira mwamuna. Nditamufunsa za mankhwala anakwinya dzanja la bulauzi n'kundionetsa zipsera. Akuti ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anamwa Bakitirimu, anagona m'chipatala mwezi wathunthu. Ndinalemba ndine SULFA ameneyu, ndi zala zangazi.

— Ndiye simunakumbukire m'mawa?

— Lachiwiri ndinalembetsa anthu oposa fote. Nkhope ndikuikumbuka tsopano poti ndawerenga dzina ndi mawuwo pamodzi.

— Koma mwini wake akudziwa. Akana yekha.

— Akudziwa Bakitirimu. Sakudziwa kuti Fansida ndi m'bale wake. Amayi ambiri sadziwa.

— Buku lake la kusikelo? Mwati mumalemba ndi yofiira.

— Alibe buku. Mabuku anatithera, atsopano abwera dzulo madzulo. A Sister awatenga kuti akapereke komweko. Akalemba pachikuto poyang'ana pepala langa.

— A Sister safunsa asanapereke?

— Amafunsa akakhala ndi nthawi. Lero ali okha ndi amayi sate wani, mnzawo ali pa tchuthi. N'chifukwa chake pali pepala, kuti asamafunse aliyense.

— Chabwino. Tisataye nthawi. Dulani, muwaimbire a Sister pompano.

— A Swaleh, ndinauona mzerewu galimoto isananyamuke. Ndinauona. Dalaivala ankaliza hutala panja, ine ndinati ndifunsa a Swaleh kenako.

— Zimenezo tikambirana mawa. Imbani kaye.

— Foni yawo ili pano.

— Pati?

— Pa tebulo langa, pa chaja. Kwawo kunalibe magetsi, anaiika atangofika, n'kuiiwala.

— Dalaivala?

— Amangowatsitsa n'kupitirira ku Area 25 ndi gulu lina. Ndamuyesa ndisanakuimbireni, kuti mwina abwerere ndi pepala ndilionenso. Sakupezeka.

— Pa kiliniki palibe wina wa galimoto?

— Tatsala awiri ndi mayi okolopa. Dikirani, a Swaleh. Mwati zinayamba nditayamba kulemba njira.

— Eya.

— Ndiye kuti Lachisanu lathali, pa sikelo ya ku Tsabango...

— Za ku Tsabango tiona kenako.

— Ayi, ndione pompano. Ndisinthe deti basi, eti? Kamuvi, deti, G wamkulu.

— Chemwali, mayunitsi anu.

— Tsiku limenelo ndinalemba SULFA pa mayi mmodzi, Zipora. A Sister atabwerako ankaseka, akuti mayiyo analimbana nawo, amvekere ine Fansida ndamwa mimba zitatu, simunandimanepo. A Sister anamumana ndithu. Anati pepala silinama.

— Amene anali pamwamba pa Zipora ndani?

— Ndikukwera. Fotini, Zipora, osampatsa NULL. Satini...

— Ndani?

— Leah.

— Walembedwa chiyani?

— Mwamuna wake anabwera dzana.

— Anabwera kudzatani?

— Kudzapempha kalata yopitira kuchipatala chachikulu. Anati mkazi wake maso afiira, milomo yatupa, akulephera kumeza ngakhale phala. Tinkati mwina ndi chikuku. Ndinamulembera kalatayo ndine, a Sister n'kusayina. Anathokoza, a Swaleh. Anandithokoza kawiri.

— Walembedwa SULFA?

— Eya.

— Tusekele, ndimvereni. Leah ali m'manja mwa madokotala. Mukatha apa mupite komweko mukawauze chomwe anamwa, ziwathandiza. Koma panopa pali mmodzi amene mwina sanamwe. Mukundimva?

— Ndamupha munthu ine.

— Simunaphe munthu. Lamulo lija ndinakupatsani ndine, ndipo za G sindinakuuzeni chifukwa ndinkathamangira basi. Ngati pali mlandu tigawana. Bwererani kwa Mwanamisi. Anasiya nambala ya foni?

— Alibe foni. Mwamuna wake ndi wa maganyu.

— Sikelo ikuchitikira pati ku Chinsapoko?

— M'kalasi ya sukulu ya mkaka, Chinsapo 2, kumtunda kwa chigayo chachiwiri.

— Kuchokera pano ndikwere minibasi ya ku Likuni, idzaze kaye, nditsike, ndiyende. Ola lathunthu. Inu kuchokera ku Biwi ndiye kuposa pamenepo. Tandiwerengereni njira ya kwawo.

— Ithandiza chiyani? Sali kunyumba.

— Werengani basi.

— Dikirani ndibwezere deti. Malo, Chinsapo 2, mukadutsa chigayo chachiwiri mukhotere kumanja, kuseri kwa mzikiti waung'ono, nyumba ya chitseko chabuluu, mukasochera funsani kwa atelala a pakhonde.

— Atelala a pakhonde kuseri kwa mzikiti. Ameneyo ndi Shafiq.

— Mukuwadziwa?

— Kwathu n'kumodzi. Amandisokera mikanjo ya ana chaka chilichonse. Foni ali nayo, amaipachika pa msomali pafupi ndi makina. Nambala ili m'foni muno.

— Kuchokera pamzikiti kukafika kusukuluko ndi pafupi. Munthu wothamanga, mphindi zisanu.

— Shafiq ndi wonenepa, koma ali ndi njinga.

— Awauze a Sister kuti wawatuma ndi Tusekele. Atchule dzina langa, apo ayi sawamvera, amuna saloledwa kulowa. Anene kuti Mwanamisi, nambala sate wani, asamwe Fansida. Anenenso kuti pepala lonse ndi lolakwika, afunse mayi aliyense pakamwa.

— Ndikulemba. Mwanamisi, sate wani, asamwe. Pepala lonse ayi.

— Netiweki ya kumeneko imavuta.

— Pakhonde pake imagwira, ndimamuimbira. Pumani, chemwali. Tili ndi mwayi umodzi, mtsikanayu ndi womaliza. Anthu sate ali patsogolo pake, aliyense kumukweza sikelo, kumuyeza mimba, kumulembera buku. A Sister ali okha. Sangamufike isanakwane leveni.

— A Swaleh.

— Ngakhale atafulumira bwanji. Mphindi zisanu munthu mmodzi, muwerengere nokha.

— A Swaleh, a Sister sayambira pamwamba.

— Mwati bwanji? Mawu akudukaduka.

— Amayambira pansi. Mayina apansi ndi a amayi atsopano, amafuna kuyezedwa zambiri, magazi, chilichonse. Amayamba ndi iwowo mutu usanatope. Akale amabwera pambuyo.

— Masiku onse?

— Chiyambire.

— Amayamba nthawi yanji?

— Akatha nyimbo ndi phunziro. Hafu naini.

— Phunzirolo silitalikako?

— Nthawi zina, amayi akachuluka mafunso.

— Pano nthawi ili bwanji? Wotchi ya m'shopu muno imatsalira.

— Twente tu teni.

— Dulani, ndimuimbire.

— Dikirani. Mapilitsi amapereka kumapeto, akatha kuyeza. Mwina akadali pa bedi. Mwina.

— Ndamva. Dulani, Tusekele.

— Chinanso. Akakapeza kuti wameza kale, a Shafiqwo anene kuti asamulole kubwerera kunyumba. Adziona ngati ali bwino, afuna kukaphika. Mwamva? Asamulole kupi...

— Halo? Tusekele? Halo?